Ndolo Pambali pa Phale

Chala changa chinali pa batani la pulojekita pamene ndinaiona ndoloyo.

Adadi anali atangobwera kumene kuchokera ku Peru, komwe anakhala miyezi iwiri m'mapiri a Andes akujambula mapu a mabwinja akalekale. Lamlungu limenelo Amalawi a kutchalitchi, anzathu okhala kunja kuno, anadzaza pabalaza pathu ku Lang'ata. Ine anandipatsa ntchito yosintha zithunzi pakhoma, poti pagulu sinditha kuyankhula.

"Phale lililonse timalijambula ndi kanthu pambali, kuti kukula kwake kudziwike," anatero adadi. "Ine ndimaika cholembera changa."

Zoonadi, chithunzi chilichonse chinali ndi cholembera. Koma pa ichi, pambali pa phale panali ndolo yobiriwira yooneka ngati tsamba. Ndinkaidziwa. Ndinakhala ndikuisirira chaka chathunthu pakhutu la anti Immaculata, mnzawo wa amami, amene miyezi iwiri yomweyo ankati ali ku Zomba kudwazika mayi awo.

Ndinacheuka. Anti anali pafupi ndi amami, m'makutu mulibe kanthu, akuuzira tiyi wozizira kale.

"Haya, Chimango, pitiriza," anatero adadi, osandiyang'ana.

Ndinadina msanga. Pakhoma panabwera mipanda yamiyala, alendo n'kuyamba kufunsa ngati anthu akumeneko amalima chimanga. Ndinaona ngati ndapulumutsa munthu, ngakhale mpaka lero sindidziwa kuti ndinkapulumutsa ndani.

Amami anaika kapu patebulo pang'onopang'ono.

"Tabwerera kaye, mwanawe," anatero. "Phale lija sindinalione bwino."