Anaba Tsamba, Anaiwala Zithunzi

Khalani pansi inu! Zimitsani wailesiyo. Iwe wa foni, lemba mmene ndikuyankhuliramu, usandikongoletsere mawu. Sukulu sindinapondeko ine, koma mutu uwu si wobwereka.

Panali munthu wina, mzimayi, ntchito yake kumanga masamba a pa intaneti, aja mumatsegula m'mafonimu. Anzake ankamutcha Nanthambo, poti chikwama chake chinkangodzaza nthambo. Loweruka lomaliza mwezi ankasonkhanitsa anzake a ntchito yomweyo m'kachipinda kapamwamba pa shopu ya penti. Mipando ankakweza yekha pamasitepe. Aliyense ankaonetsa pakhoma zomwe wamanga, anzake n'kumuuza pamene pakhota.

Tsiku lina kunabwera mlendo wa tayi yofiira, n'kukhala kutsogolo. Nanthambo anaonetsa tsamba lomwe analivutikira zaka ziwiri: ukalemba dzina la mankhwala, limakuonetsa chithunzi cha shopu yomwe ili nawo.

"Achemwali, manja anu ndi odala!" anatero Watayi uja. "Tandiikireni m'kafulashimu ndikaphunzire kunyumba."

Mlamu wake wa Nanthambo, amene ankajambula zithunzi za msonkhano, anamutsina. "Alamu, woyamikira chonchi amakhala ndi thumba lalikulu. Musapereke."

"Pano timagawana," anatero Nanthambo, n'kupereka.

Patapita miyezi itatu kunamveka za msonkhano waukulu wa omanga masamba, wa m'hotela. Nanthambo anapempha kukayankhula. Okonza anamuyankha kuti, "Tsamba limeneli lili kale ndi mwini wake. Mayi, musamakopere za anzanu." Mwini wakeyo ndani? Watayi!

Nanthambo anamuimbira foni. Iye akuti, "Pepani mayi, ndinu ndani? M'misonkhanomu ndimakumana ndi anthu ambiri."

Mbiri inayenda kuti wakuba ndi Nanthambo. Loweruka lotsatira anakweza mipando makumi atatu, kunabwera anthu anayi.

Sanalire. Anatsegula tsamba la wakubayo n'kuliyang'ana m'mimba. Watayi mtundu anasintha, dzina anafufuta. Koma mvetsani apa, inu ophunzira. Zithunzi za tsamba zimasungidwa pena, ngati katundu m'sitolo, tsamba limangozitenga. Watayi ndi ulesi wake sanasamutse zithunzi. Zinkachokerabe m'sitolo ya Nanthambo, kiyi ali naye Nanthambo!

"Tidule zithunzizo lero lomwe!" anatero mlamu.

"Ayi alamu. Fisi mulekeni ayambe wakwera pomwe anthu angamuone."

Tsiku la msonkhano Nanthambo anakhala mzere wakumbuyo, laputopu pamiyendo. Holo yodzaza, mabwana kutsogolo, makamera ponseponse. Watayi anakwera pansanja, baji ya dzina ili pachifuwa.

"Zaka ziwiri sindinkagona tulo," anayamba. "Wina atchule mankhwala alionse, muone nokha."

"A mutu!" wina anakuwa.

Nanthambo anadina kamodzi kokha, zithunzi zonse m'sitolo muja n'kusinthidwa ndi chimodzi chomwe mlamu anajambula. Watayi analemba, n'kutembenuka monyada. Pakhoma, kukula ngati lole, panatuluka iye mwini: ali m'kachipinda kaja, tsaya lotupa ndi buledi, akupereka kafulashi ndi manja awiri, kumbuyo kwake kukuoneka tsamba lomwelo ndi dzina la Nanthambo. Pansi palembedwa kuti: "Mwini wake ali kumbuyoku."

Analemba a chifuwa. Chithunzi chomwecho. A m'mimba. Chomwecho!

"Netiweki yavuta," anatero, thukuta lili kamukamu.

"Netiweki ili bwino bwana, tayi ikuoneka bwinobwino!" wina anayankha. Holo yonse inagwa ndi phwete.

Wamkulu wa msonkhano anaimirira. "Ngati tsamba ndi lanu, konzani tikuona."

Akonze chiyani? Zala zinangoyenda pamakiyi ngati nkhuku paphale lotentha. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

Nanthambo anatsika pang'onopang'ono, sanafulumire ayi, nsapato zikumveka gogogo. Anamulanda maiki. "Achimwene, mwandikumbuka tsopano?"

Okonza anamuvula Watayi baji pamaso pa anthu, iye natuluka. Nanthambo anayankhula ola lathunthu, mabwana akulemba. Loweruka lotsatira mipando inachepa, ena anakhala pamasitepe, ndipo amene ankamunena aja ndi omwe anainyamula.

Watayi anabwera kudzagwada: "Achemwali, chithunzi chija anthu akungotumizirana, auzeni asiye." Nanthambo analoza chomwecho atachipachika pakhoma m'felemu, n'kunena kuti...

Ndani akuitana panjapo? Ee, ndamva, ndikubwera! Iwe lemba msanga ichi.

Phunziro: Chomwe anzako akuonetsa mwaulere si chotola. Ukaba nyumba, kiyi amatsala ndi womanga, ndipo adzatsegula tsiku lomwe wavala tayi. Tumizirani anzanu onse, makamaka uja amakhala kutsogolo n'kumaombera m'manja kwambiri.