Mpando wa Pansi pa Windo

Ursula anali atamwa kale makapu awiri a tiyi, koma chimene anabwerera kwa Phoebe chinali chisanatheke. Tiyi anali nayenso kwake. Iye anabwera kudzaba nzeru.

Chinkhoswe cha mwana wake Petronela chinali chitatsala milungu itatu. Akuchimuna anali a kumayadi, anthu oti akalowa m'nyumba amayamba apenda makatani kenako n'kumapereka moni. Pabalaza pa Ursula panali masofa amaluwamaluwa okutidwa ndi pulasitiki, aja amalira munthu akakhalapo ndi kumata ntchafu m'mwezi wa Okutobala. Koma Chilomoni yonse inkadziwa kuti balaza lenileni lili kwa Phoebe, amake Lonjezo. Ngakhale bambo mfumu atabwera kudzachezera mphakati, anayamba ayamikira chipindacho asanatsegule Baibulo. Tsiku limenelo Ursula anaimba nyimbo zonse mano ali chilumire.

Tsopano anali kuwerenga chilichonse ndi maso. Makoma a kirimu. Makatani a bulauni, mtundu wopanda chipani, poti chiyambire matipate katani yachikasu kapena yobiriwira inkatha kukudanitsa ndi aneba. Kabati yamagalasi yosadzaza, makapu asanu ndi imodzi basi, osati phwamwamwa ngati yake ija. Masofa opanda pulasitiki. Ana ankalowa ndi kutuluka, wina atagwira chimanga chootcha, ndipo panalibe wowakuwira.

Zonsezi akanatha kukopera. Chomwe chinamudya mtima chinali mpando umene anakhalapowo.

Unali pansi pa windo, wautali, wopanda choyedzamira. Pamwamba anayalapo nsalu yoyera yoluka yolendewera mpaka pansi, ndi makushoni atatu. Cha kumapeto nsaluyo inapindika pang'ono, ndipo panaoneka thabwa la mlombwa lopakidwa vanishi wonyezimira ngati galasi. Phoebe anamulozera sofa pamene ankalowa, mpaka kawiri, koma Ursula analunjika pamenepo ngati sanamve.

"Amake Petronela, bwerani apa pofewa," anatero Phoebe kachitatu.

"Ayi, pano ndakhala bwino. Msana wanga umakonda polimba."

Pakona panali a Laurenti, apongozi aamuna a Phoebe, amene anapuma ntchito ya njanji ndi kukana kubwerera kwawo ku Nsanje. Anali ndi nyuzi m'manja, koma Ursula akangosuntha pang'ono, maso awo ankatulukira pamwamba pa magalasi n'kutera pomwe wakhalapo. Ursula anakoka chitenje n'kuphimba maondo. Amuna, anaganiza motero, mano amatha koma maso sakalamba.

Phoebe atapita kukhitchini kukawonjezera madzi otentha, Ursula anagwira ntchito mwachangu. Anayeza m'litali ndi chikhatho mpaka kasanu ndi kanayi. Anapapasa kunsi kwa nsalu napeza zogwirira zachitsulo, zozizira, zosalala bwino. Anagogoda ndi chidendene. Mkati munamveka mphako.

A Laurenti anatsokomola.

"Kani umatseguka?" anafunsa Ursula, Phoebe atabwera ndi tipoti. "Mumasungamo chiyani?"

"Pakadali pano mulibe kanthu."

"Mukuwononga malo. Ine ndikanalongamo mabulangete, mbale za alendo, ngakhale ufa. Anakupangirani ndani?"

Phoebe anathira tiyi mpaka anatayikira m'sosala. "Kalipentala wina wa ku Ndirande. Koma si ine ndinakaoda."

"Dzina lake?"

"Ndaiwala, amake Petronela. Mwaiona kapeti iyi? Ya pa kaunjika, simungakhulupirire."

Apo Ursula anadziwa. Nsanje. Munthu mumapemphera naye mphakati umodzi, mumaphika naye pamaliro, munamubwereka mpaka mbaula mwana wake akubatizidwa, lero akukubisira dzina la kalipentala. Akufuna mpando wotere ukhale umodzi Chilomoni yonse, bambo mfumu aziyamikira kuno kokha, akuchimuna a Petronela akakhale pa pulasitiki n'kumanong'onezana pobwerera. Mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu, koma anamwetulira monga amachitira amayi a mpingo akamafuna kuluma.

Anadzikhazika bwinobwino, nadzigwedeza kawiri kuti amve kulimba kwake. Mpandowo sunalire n'komwe. M'maganizo mwake anauona kale uli kwake, pansi pa chithunzi cha ukwati, azakhali a mkamwini atandandalikapo, akufunsa kuti zoterezi amagula kuti.

"Palibe kanthu," anatero. "Ndirande si Joni. Ndiyenda shedi ndi shedi mpaka ndimupeza. Ndipo wanga udzakhala wokulirapo. Uwu ndi wopanikiza. Ine ndikufuna woti tikwane atatu, ine, bambo a Petronela ndi apongozi anga, onse nthawi imodzi."

Phoebe anayang'ana kudenga. Mwana wa chimanga uja anasiya kutafuna.

A Laurenti anapinda nyuzi yawo mosathamanga, anavula magalasi, nawapukuta ndi ngodya ya malaya.

"Dzina lake ndi Rafaeli, mayi, kuseri kwa msika. Koma atatu simungakwanemo, amapanga la munthu mmodzimmodzi. Ilo ndi bokosi langa la maliro, ndinakayezetsa ndekha poti ana angawa sindiwakhulupirira. Tsono mukamaliza tiyiyo mundidzukireko, mukundikandira chivundikiro."