Galimoto Yodya Ndalama

Makaniko anatuluka chagada pansi pa galimoto yofiira, msana uli fumbi lokhalokha, n'kupukuta manja pakansanza. Mayi amene anamulemba ganyuyo anali chiimire pomwe anawasiya, pakati pa magalimoto awiri aja, chikwama atachikumbatira pachifuwa ngati pali wina wofuna kuwatsomphola.

Onse awiri anali magalimoto othamanga, a zitseko ziwiri, aafupi moti munthu polowa amachita ngati akugwada. Yofiira inali yakalekale, mtengo wake wotsika. Yotuwa inali yaposachedwapa, yodulirapo ndithu, ngakhale nayonso inali itadutsa kale m'manja mwa anthu.

Mayiwa makaniko sankawadziwa. Anangomupeza kugalaja kwake m'mawa n'kumupempha kuti akawaonere magalimoto asanatulutse ndalama. Anali munthu wa imvi zongoyamba kumene, nsapato zodyeka chidendene, magalasi omanga ndi kawaya mbali imodzi. Njira yonse iye ankadzifunsa kuti mayi wotere akuifuniranji galimoto yoti ngakhale sutikesi singakwanemo. Anangoti basi, ndi ndalama za penshoni izi, zawayabwa m'manja. Anali ataonapo ambiri otero. Mapeto ake galimoto imagona pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Wogulitsa, bambo wa kamimba wokonda kuzunguza makiyi pachala, anamukokera makaniko kuseri kwa kontena yomwe inali ofesi yake. Anamunong'oneza kuti yofiirayo yamukhalira pamalopo chaka chathunthu, ndipo akangoithira mchere pang'ono pamaso pa mayiwo, naye sabwerera chimanjamanja. Mwezi umenewo kugalaja kwa makaniko kunali zii, zipangizo zikuchita dzimbiri m'bokosi, kunyumba mkazi wake atasiya n'kufunsa komwe kuti zayenda bwanji lero. Sanavomere, koma sanakanenso.

Atabwerera, mayiwo anamuthira mafunso a munthu wodziwa kupweteka kwa ndalama. Anafunsa za mafuta, za matayala, za oilo, za inshuwalansi. Anafunsa kuti iliyonse ingamapite kugalaja kangati, nanga ikapita ingamakhaleko nthawi yaitali bwanji. Mawu awo anali otsika, ndipo pofunsa sankayang'ana magalimotowo, ankayang'ana pakamwa pa makaniko.

Iye anayamba ndi kulankhula mozungulira. Anati yofiirayo thupi lake ndi lolimba, mabuleki akugwira bwino, chiwongolero sichikusewera. Zonsezo zinali zoona. Kumbuyo kwa mayiwo, wogulitsa ankagwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi. Koma kenako makaniko anaona mayiwo atagwira zipi ya chikwama. Anaganiza za tsiku limene adzabwere kugalaja kwake wapansi, nsapato zomwezo, kudzamufunsa kuti mwana wanga, ndinakulakwira chiyani.

"Mayi, ndisakunamizeni," anatero. "Yofiirayi ndi yotchipa lero lokha. Imamwa mafuta ngati thanki yake ndi yobooka. Mawaya ake akalamba, pampu yatopa. Chikafa chinthu, m'masitolo muno simuchipeza, muchita kuitanitsa kunja n'kudikira mpaka kuiwala kuti muli ndi galimoto. Idzakhala kwa ine kuposa kwanu."

Makiyi a wogulitsa anasiya kulira.

Makaniko anapitiriza, tsopano mtima utamasuka. Anati yotuwayo iwapweteka kamodzi kokha, lero, pogula. Ikatero ndi mafuta pang'ono, oilo panthawi yake, matayala akatha, basi. Zipangizo zake zili paliponse. Injini yake ikadali mwana, ndipo munthu akhoza kuidzutsa tsiku ndi tsiku osamva ngakhale kutsokomola. Ngati ndalama zikuperewera, kuli bwino adikire kusiyana n'kugula mavuto opaka penti.

Kenako mayiwo anafunsa ngati yofiirayo ikamawonongeka imafera pamsewu ili paliwiro, kapena imangokana kulira m'mawa. Makaniko anayankha kuti matenda ake ndi aulesi, si akupha ayi. Ndi galimoto yoti munthu wavala kale, wapotoza kiyi, iyo n'kungoti duu.

Mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayenda kuzungulira yotuwa ija, osaikhudza, n'kusuzumira pagalasi pomwe pali muvi wosonyeza liwiro. Nkhope yawo inachita ngati yagwa. Makaniko anadziwa kuti mtengo wawakulira, ndipo anayamba kale kukonza mawu oti amunyengerere wogulitsa atsitseko, ngakhale ankadziwa kuti pamalo amenewa sadzamuitananso.

Mayiwo anatsegula chikwama n'kuuza wogulitsa kuti akonze mapepala a yofiira.

Wogulitsa anathamangira kukontena mayiwo asanasinthe maganizo. Makaniko anatsala kukamwa kuli yasa. Anaganiza kuti mwina sanamumvetse, mwina wasokoneza mitundu polankhula. Anawayandikira, n'kutsitsa mawu.

"Pepani mayi, kapena sindinalongosole bwino. Yovutayo ndi yofiirayo. Ikudyerani ndalama, ndipo kuyenda kwake kukhala kwa apo ndi apo."

Mayiwo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi. Maso awo anali ofiira, koma owuma.

"Ndakumvani bwino, bambo, ndipo mwandithandiza. Si yanga iyi, ndi ya mwana wanga wotsala, walimbikira galimoto yothamanga ndipo kumuletsa ndalephera. Mkulu wake tinamugulira yabwino, yosavuta, inalira m'mawa uliwonse mpaka m'mawa umene inakamuphera pakona. Uyu ndikufuna azikhala pabenchi kugalaja kwanu, akukutukwanani, ali moyo."