Mng'ono wa Goliati

Minibasi ya ku Balaka inali itaima pa depoti ya pa Ntcheu kwa ola lathunthu, ikudikira anthu awiri kuti idzaze. Jasper anali pampando wakumbuyo, mawondo atapanikizika ndi thumba la mbatata ya kachewere. Eni thumbalo anakhala patsogolo pake, mayi ojintcha amene kondakitala ankawatchula kuti amake Rute. Anali atanyamula foni m'mwamba ngati akuwerenga nyimbo kutchalitchi, mawu atawakweza mpaka mapeto.

Pafonipo mnyamata wina ankalira. Ankati mkulu wake Goliati wamwalira ku Joni, kumene ankagwira ntchito pa famu ya mphesa. Ankati thupi likapanda kunyamuka pofika Lachisanu, boma la kumeneko limuika m'manda a anthu opanda abale. Munsi mwa vidiyoyo munkayenda nambala ya foni yotumizirako ndalama.

Amake Rute anali akuionera kachitatu.

Jasper ankaionera paphewa pawo, mlomo ataukweza. Zonse zinali poyera kwa aliyense wofuna kuona. Juzi yong'ambika pakhosiyo inali yochita kusankha. Khoma lopanda pulasitala kumbuyoko linalinso lochita kusankha, chifukwa umphawi wa pa foni umafunika uzioneka bwino. Ndipo kachete uja! Mnyamatayo akatchula dzina la mayi ake ankaima, n'kuyang'ana pansi, n'kumeza malovu, kenaka n'kudzutsa maso pang'onopang'ono kuti misozi igwere moyang'anizana ndi kamera. Munthu amene wafedwadi sadziwa kumene kuli kamera. Ngakhale kanyimbo ka piyano kolirira chapansipansi kanali komwe kaja amaika onse, kaya afedwa, kaya nyumba yapsa, kaya mbuzi zabedwa.

Chimene chinkamunyansa kwambiri ndi chakuti zinkagwira ntchito. Anthu masauzande anali atagawana vidiyoyo. Pansi pake panadzaza timitima, timanja topemphera ndi tinkhope tolira, kuchokera kwa anthu amene maliro a pakhomo loyandikana nalo amangopitako kukadya. Zaka ziwiri zimene anakhala ku koleji asanasiyire panjira, Jasper anaphunzira za kujambula ndi kukonza mavidiyo. Ankadziwa kuti mtima wa munthu uli ndi mabatani ngati wailesi.

Amake Rute anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuyamba kulalikira minibasi yonse. Anati iwo mabodza a pa foni amawadziwa, ana awo anawaphunzitsa, koma uyu ayi. Uyu akulira za m'mimba. Anati amuna awonso anapita kumigodi kalekale ndipo chimene chinabwerako ndi sutikesi yokha, moti mpaka lero sadziwa kumene angakaike nkhata. Kondakitala anawaseka kuti akamalira chotere awalipiritsa mpando wa misozi. Anamuyankha kuti ayambe wadzaza kaye galimoto.

Jasper analephera kudzigwira.

“Misozi ya mankhwala opaka imeneyo, amayi. Amapaka m'munsi mwa maso, n'kudikira pang'ono.”

Bambo wina wa chipewa anagwedeza mutu kuvomereza, n'kunena kuti masiku ano ana asandutsa maliro kukhala geni. Chala cha amake Rute, chimene chinali chitayamba kulemba nambala ija, chinaima.

Jasper anachiyang'anitsitsa chalacho. Kunja wakabaza wina ankakangana ndi kasitomala, ndipo mawu awo ankamveka ngati akuchokera kuseri kwa phiri.

Amake Rute sanatembenuke n'komwe. Thumba ndi thupi lawo sizikanalola. Analankhula akuyang'ana kutsogolo, mwa mawu a munthu amene walera ana amwano ambiri.

“Inu achimwene, simunafedwepo. Tsiku lidzakufikani, ndipo mudzaona ngati mudzafune mankhwala.”

Anabwereranso pa vidiyo ija, kuti atsimikize. Mnyamata uja anayang'ananso pansi, anamezanso malovu, anadzutsanso maso. Amake Rute anapumira m'mwamba n'kunena kuti ngati akuwanamiza, akayankha yekha kwa Mulungu, iwo mbali yawo achita. Anamaliza kulemba nambala, akuitchula mokweza imodziimodzi. Bambo wa chipewa anangoti zanu zimenezo.

Anthu awiri aja anapezeka. Kondakitala anamenya chitseko, minibasi inalowa mumsewu wa tala kulunjika ku Nsipe, ndipo amake Rute anadina batani lomaliza lotumizira ndalama.

M'thumba la Jasper foni inanjenjemera. Sanaitulutse. Vidiyo yake yoyamba, imene anadzijambula tsiku lomwe uthenga wa imfa ya mkulu wake Goliati unafika, maso ali gwa, mawu akukana kutuluka, inaonedwa ndi anthu asanu ndi anayi, ndipo mmodzi analemba kuti, “Wakuba iwe, ulibe ndi msozi womwe.”