Maso a Banja Lathu

Chimangireni khoma lotchinga nyanja, banja lililonse limaloledwa kutumiza munthu mmodzi pachaka kuti akwere nsanja yakale ya nyali, ija inkaunikira sitima, akaone madzi. Otsala amadikira pansi m'paki.

Ndinkafuna kukwera ndine, koma amuna anga, a Chikakwiya, anakana. "Mutu wa banja ndine, ndipo maso amakhala kumutu."

Apongozi anga miyendo inatha kale. Ankangofuna kumva ngati mlambe wa kumudzi kwawo, kumene kunamira, ukuonekabe pamwamba pa madzi. Patsinde pake ndi pomwe anaika mwana wawo woyamba.

Tinayala chitenje pakapinga dzuwa lili paliwombo, anyani akutibera chinangwa. A Chikakwiya anakwera, koma anatsika akugwirira khoma la nsanjayo, malaya atanyoweratu.

"Mwauona?" ndinafunsa.

"Mphepo yake kumwambako, amake Tiyese..."

"Sindikufunsa za mphepo ine."

"Chinandigwira chizungulire. Ndinakhala pansi n'kutsinzina mpaka belu loti nditsike litalira."

Ndinathamangira kwa mlonda wa pachipata. "Achimwene, munthuyu sanaone kanthu. Ndiloleni ndikwere, gogoyu sakhalitsa!"

"Makina alemba kale kuti banja lanu laona, mayi. Mudzabwere chaka chamawa."

Nditabwerera ndinapeza mwamuna wangayo atagwada pamaso pa amayi ake.

"Ulipo, amayi. Masamba ake ali biriwiri."

Apongozi anamuyang'ana.

"Mlambe kukhala ndi masamba chilimwe chino? Mwana iwe, kukwera sutha, ngakhale bodza sulitha." Ananditambasulira dzanja. "Ndidzutseni, mama, tizipita."