Wailesi ndi Mabotolo a M'chikwama

Panali mayi wina woluka tsitsi amene anthu ankangomutchula kuti Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Saluni yake inali kachipinda kamodzi, mipando itatu ndi galasi long'aluka pakona, koma anthu ankadzaza mpaka pakhonde. Ena sankabwerera tsitsi n'komwe, ankangodzamvera nkhani.

Chaka china mng'ono wake, namwino amene anagwira ntchito kunja zaka zisanu ndi chimodzi, anabwerera kwawo. Wailesi anakondwa koopsa, n'kumukhazika pampando kuti amuluke. Ali mkati moluka, anamunong'oneza kuti kwa miyezi ingapo wakhala akutaya magazi nthawi yosakhala yake.

Namwino anatembenuka msangamsanga. "Achemwali, mawa m'mawa tipite mukayezetse khomo la chiberekero."

"Iwe, wandibweretsera matenda a kumene unaliko? Khansa ndi ya anthu olemera, odya zam'chitini aja. Ife kuno ndi malungo basi!"

"Ayi, achemwali. Kumeneko imapezeka yambiri, inde, ya m'mapapo, ya m'matumbo, ya m'mawere. Koma anthu amayezetsa asanagone, ndiye ambiri amachira. Ya khomo la chiberekeroyi kumeneko yachepa, koma ikutimaliza ife kuno, chifukwa timafika kuchipatala atachita kutinyamula."

"Khazika mutu bwino, ndingakuluke zokhota," anatero Wailesi akuseka. Nkhani inathera pomwepo.

Sabata yotsatira m'salunimo munalowa mzimayi wachilendo, wotchena, wonunkhira, chikwama chachikopa kukhwapa. Atacheza pang'ono anatulutsa timabotolo tonyezimira.

"Awa amachapa chiberekero mpaka mbee," anatero motsitsa mawu. "Madokotala safuna muwadziwe. Inuyo, mayi, ndikuona m'maso mwanu kuti m'thupimo muli zovuta."

Wailesi anawomba m'manja. "Mwadziwa bwanji? Mulungu wakutumani!"

Anatenga mabotolo atatu. Magazi atasiya kwa masiku angapo, anavina pakati pa saluni chipeso chili m'manja, akuuza aliyense kuti wachira popanda jekeseni. Mng'ono wake akaimba foni, iye ankati, "Ndatanganidwa, ndili ndi mitu inayi pano."

Patatha miyezi inayi, masana dzuwa likuswa mtengo, Wailesi anaona galasi likuzungulira. Anagwa pansi khu! Mayi amene ankalukidwa anathamangira kumsewu mutu uli theka, mbali imodzi yolukidwa, inayo nyankhalala, akukuwa kuimitsa galimoto.

Kuchipatala anamuyeza, ndipo patapita masiku dokotala anamuitana pamodzi ndi mng'ono wake.

"Mayi, ndi khansa. Mukanabwera pachiyambi, inali ntchito yaing'ono. Pano tiyenera kuchotsa chiberekero chonse, ndipo tichite changu isanafalikire."

Wailesi anaimba nambala imene mzimayi wa chikwama uja anamusiyira. Sinkapezeka. Anaimbanso kasanu, chimodzimodzi. Anayang'ana mng'ono wake, misozi ili mbwee.

"Unandiuza, mwana wa amayi. Ndinakuseka."

"Zimenezo tikambirana mukachira. Sainani apa."

Opaleshoni inachitika. Patapita masabata awiri dokotala anabwera ndi zotsatira akumwetulira: anaichotsa yonse, inali isanapite kwina. Wailesi anayamba nthungululu pomwepo, n'kugwira pamimba msanga.

"Mayo, ulusi! Koma ndili moyo, anthu inu, ndili moyo!"

Tsiku limene anatsegulanso saluni, azimayi anadzaza kudzamulandira. Iye anawasiya akhale pansi, kenako anaima pakhomo manja m'chiuno.

"Lero palibe mutu umene ndiugwire. Ndinakunamizani ndi mabotolo aja, ndipo ndikupepesa. Nyamukani nonse, tikupita kukayezetsa!"

"Ine ndili ndi ulendo mawa!" anadandaula wina.

"Upita ndi duku. Tiyeni!"

Anatuluka azimayi khumi ndi mmodzi, akuseka, akukankhana mumsewu ngati ana asukulu, namwino ali patsogolo. Asanu ndi anayi anawapeza ali bwinobwino. Awiri anawapeza ndi tizilonda tongoyamba kumene, ndipo anawathandiza tsiku lomwelo. Mmodzi mwa awiriwo anali mwana woyamba wa Wailesi, mayi wa ana awiri, amene anangobwera kudzaperekeza amayi ake.

Mwanayo anatuluka m'chipinda choyezera maso ali psuu. "Amayi, komatu ine palibe pamene pamandipweteka."

Wailesi anamukumbatira mwamphamvu, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. "Ndiye takupeza nthawi yabwino, mwana wanga. Ana ako uwalera wekha."

Phunziro: Khansa si ya mayiko olemera okha. Dera lililonse lili ndi mitundu imene imavuta kwambiri, ndipo kumene anthu amachedwa kuyezetsa ndi kumene maliro amachuluka. Musadikire ululu, musakhulupirire botolo la munthu wongodutsa. Tumizani nkhaniyi kwa amayi anu, achemwali anu ndi m'magulu onse amene mulimo, wina ayezetse sabata ino.