Dzina la Amene Anamuwolotsa

Chipepalacho anachikhoma Lolemba m'mawa, m'shedi yosankhiramo mbatatesi pa Linthipe. Oyendera malo a ntchito anali atalamula kuti chikhale poti wantchito aliyense achione. Kapitawo Collins anachikhomera pamwamba pa sikelo, n'kubwerera kokayeza matumba.

Mayi ake, a Anjelina, ankasankha mbatatesi m'shedi momwemo. Kuwerenga sankatha, koma chithunzi cha mtsikana wogwira kunkhope chinawaimitsa. Nthawi yopuma anapempha mnzawo Sophie kuti awawerengere.

Sophie anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa zilembo. Linali chenjezo la mchitidwe wozembetsa ndi kugulitsa anthu. Munthu amamulonjeza ntchito yabwino kutali. Akafika amamulanda chitupa, amamuletsa kuimba foni, amamutsekera. M'munsi munali nambala yoimba mwaulere.

A Anjelina anakhala pansi pa thumba. Mwana wawo wamkazi, Tawonga, anawoloka kupita ku Mozambique chaka chatha nthawi yokolola, akuti kukagulitsa m'sitolo. Anaimba kamodzi kokha, monong'ona, kunena kuti sitolo kulibe, chitupa anamulanda, ndipo chitseko amachikhoma ndi loko. Kuyambira pamenepo kunangoti zii.

Amayi anzawo anawamvera chisoni. Wina anati zigawenga zotere zimayenda pa galimoto za magalasi akuda. Wina anati zimalankhula Chipwitikizi chokhachokha, ndipo munthu wa kumudzi sungazipeze ngakhale utagulitsa munda. A Anjelina anangoweramitsa mutu.

Masiku atatu anadutsa pa chipepalacho osachiyang'ana. Manja ankasankha okha, mpaka mbatatesi yowola inkalowa m'thumba la yabwino. Lachinayi masana, mphepo ya m'mapiri ikulowera m'mipata ya malata, anakodola Sophie. Iye anawadinira nambalayo, ndipo a Anjelina anatenga foni kupita kuseri kwa mulu wa matumba.

Anayankha anali mayi wa mawu ofatsa. Anamvetsera nkhani yonse osawadula. Anati pali atsikana ena amene anapezeka ndithu, ndipo asataye mtima. Koma Mozambique ndi dziko lalikulu. Wodziwa khomo limene Tawonga anasiyidwa ndi yekhayo amene anamuperekeza, choncho apolisi adzayamba agwira ameneyo kuti awalondolere njira.

“Amayi, ingotipatsani dzina la amene anamuwolotsa malire. Mukulidziwa?”

A Anjelina anasuzumira cha ku sikelo. Mayi uja anabwereza funsolo, n'kuwatsimikizira kuti palibe adzadziwe kuti anena ndi iwo.

“Pepani mwanawe,” anatero potsiriza, “ndalakwitsa nambala.”

Anadula foni n'kutuluka kuseri kwa matumba kuja. Dzinalo ankalidziwa bwino lomwe. Analisankha okha zaka makumi atatu zapitazo, atanyamula khanda ku ubatizo ku Kabwazi, ndipo mwini wake anali chilili pa sikelo, akuwayang'ana.